Fungo la M'chipinda cha Kapeti

Gulu: BANJA LA BWANA CLIFTON
Clifton, Eveles, Scholastica

LOLEMBA

07:41 Clifton: ndati fungo limenelo litha lero. Eve mkazi wanga usade nkhawa, iwe uziyamwitsa mwana basi

07:42 Clifton: alamu a Schola muuzeni mng'ono wanuyo. munthu amene anachotsa fungo la nsomba zowola mu kontena pa doko la Beira sangagonje ndi kachipinda kamodzi ka pa Senga Bay

07:50 Scholastica: alamu mwadzuka bwanji kaye

07:50 Clifton: ndadzuka ndi mphamvu zonse alamu. kaya inu ku chipatalako

07:53 Scholastica: tadzuka. mwana wagona bwino, sikelo yakwera pang'ono. anesi akuti zikapitirira chonchi Lachisanu atitulutsa

07:54 Scholastica: kma anenetsa. mwana wobadwa masiku osakwana sagona m'chipinda cha chinyontho. chuku chikalowa m'chifuwa mwake tibwereranso konkuno

07:55 Scholastica: ndie amayi akuti tikatuluka tipite naye kwathu ku Chinguluwe mpaka fungolo lithe

07:55 Clifton: Chinguluwe??

07:58 Clifton: [uthenga wa mawu 1:31]
Alamu, tamverani bwino. Apongozi anga ndimawalemekeza, Mulungu ndi mboni. Koma taganizani. Zaka zonsezi ine ndi Eve takhala tikudikira mwana, anthu analankhula mpaka malilime anatopa. Lero Mulungu watipatsa, ndiye akagone ku Chinguluwe? Kumene ine mkamwini sindingalowe m'nyumba apongozi ali momwemo? Ndizikakhala pa chitsa panja ngati wogula mpunga, kudikira kuti wina anditulutsire mwana wanga ndimuone? Ayi. Chipinda chija ndinamangira iyeyo. Kapeti ndinachita kunyamula ndekha ku Dubai, wofika khoma ndi khoma. Mawindo a galasi lokhalokha ngati hotela ya ku Durban, udzudzu umangofika n'kubwerera. Mwana wanga akatuluka m'chipatala agona m'nyumba ya bambo ake.

08:10 Eveles: a Clifton mawindo anuwo ndi amene satsegukawo

08:11 Eveles: chipinda chakhala chotseka chichokereni ine. inu munali ku Dar, ine kuno. mwatsegula chitseko dzana, munathawa nokha kukagona pa sofa

08:11 Clifton: sindinathawe. ndinabwerera m'mbuyo kuti ndiganize bwino

08:14 Eveles: Lachinayi achemwali abwera kudzanunkhiza. akati bho, tibwera kwanu. akati ayi, Chinguluwe. sindikufuna kukangana, ndatopa

08:14 Clifton: deal. alamu mubwere ndi mphuno zonse ziwiri

12:15 Clifton: [chithunzi]

12:15 Clifton: zida zankhondo. perefyumu wa ku Dubai, lubani wa ku Zanzibar, sipule ya mandimu ya ku Joburg. mayiko atatu pa mdani mmodzi

13:02 Clifton: eeh

13:02 Clifton: alamu ndaona zinthu pa dziko lapansi koma izi

13:03 Clifton: fungo lameza perefyumu. lameza ndithu osatafuna. pano mukununkha ngati bwana wolemera amene wagona m'ngalande

13:09 Scholastica: kkkkkk

13:09 Scholastica: mwayatsa AC yanu ija?

13:10 Clifton: magetsi azima chakum'mawa. jenereta ili ku maliro ku Chipoka

13:11 Clifton: koma ndalipatsa ulemu fungoli. si fungo wamba. likumveka ngati dothi, ngati thumba lonyowa, ngati chinthu chamoyo. ukaima pakhomo umamva kuti muli mwini wake

13:20 Scholastica: mwini wake ndi inu alamu. bwerani muone mwana, nthawi yozonda odwala ikwana

17:36 Clifton: [uthenga wa mawu 0:58]
Eve, ndafika kunyumba koma ndikadali m'galimoto. Sindikutha kutsika. Ine ndinakwera nyumba ija yaitali ya ku Dubai, mitambo ili kunsi kwa nsapato zanga, sindinanjenjemere. Koma kadzanja kaja. Zala zonse zisanu, ndi zikhadabo zomwe! Ndani anakhala pansi n'kumuikira zikhadabo munthu wochepa chonchija? Anagwira chala changa ichi, chimene ndimalozera madalaivala, ndipo sindinathe kuchichotsa. Mtsikana ameneyu adzayendetsa kampani, ndamuona kagwiridwe.

17:50 Eveles: tsikani m'galimoto abambo ake a mwana. chipinda chikudikira

17:51 Clifton: wati abambo ake a ndani

17:51 Clifton: lembanso

LACHIWIRI

06:48 Clifton: [chithunzi]

06:48 Clifton: nsapato zanga zachikopa za ku Joburg. zamera ubweya wobiriwira

06:55 Scholastica: zipititseni kometa

06:57 Clifton: suti ya ukwati nayonso. ndasuntha wadiropu, khoma lakuseri kwake lada bii mpaka m'mawondo

06:59 Clifton: ndipo alamu mukachiyang'anitsitsa chukuchi chili ndi luso. timizere, timadontho, tinthambi, ngati mmene dziko limaonekera uli pa ndege. ine ndili ku Dar kuthamangitsa makontena, icho chili kuno kujambula khoma langa osapuma

07:04 Eveles: musachisirire, chichotseni. ndipo mumange kansalu kukamwa ndi mphuno pls

07:05 Clifton: ndamanga mpango wako wa ku tchalitchi

07:05 Eveles: a Clifton

08:30 Clifton: [uthenga wa mawu 1:12]
Tamverani pulani, muphunzire. Perefyumu ndi wophimba chabe, dzulo ndimangomuyesa mdani mphamvu. Lero ndi sayansi. Chilichonse chimene chingatuluke chituluke, chikaone dzuwa. Makatani, zovala, mapilo, masutikesi, zonse pa chingwe ndi pa mpanda. Khoma ndikulitsuka ndi jiki, burashi yolimba, kawiri. Kenako makala. Makala wamba a pa msika, m'mabeseni, ngodya iliyonse. Ndinaziona ku Guangzhou m'nyumba yosungira nsalu yaikulu ngati bwalo la mpira, Mtchaina anandiuza ndi manja kuti makala amamwa fungo. Pa kapeti ndawaza soda, agone naye. Ine sindinapite patali ndi sukulu, koma dziko linandiphunzitsa.

08:41 Scholastica: makala amene amayi amaika m'nkhokwe ya ufa aja munachita kukawaonera ku China?

08:42 Clifton: a ku China amaikidwa mwadongosolo

11:17 Clifton: [chithunzi]

11:17 Clifton: mawindo atseguka. ndaitana Omari ndi Idi, asodzi anzanga aja tinkayanika limodzi usipa tili anyamata. tazula magalasi onse awiri ndi mafelemu omwe

11:18 Clifton: mwera ukulowa ngati kwawo. makatani akanakhalapo akanafika ku Mozambique

11:25 Eveles: mwazula?? magalasi a ku Durban aja?

11:25 Clifton: mwana wanga ndi wodula kuposa Durban

11:40 Clifton: koma Eve nyanja

11:41 Clifton: sindinazungulire kuseri chibwerereni. yafika pa mpanda. pamene tinkaimika pikapu pali matemba akusambira. ndaima pamenepo madzi ali m'akakolo, tinsomba tikundijompha zala. Omari akuti chibadwire sanaione itafika apa, ndipo Omari anabadwira m'bwato

11:48 Eveles: paja anthu anakuuzani mukumanga kuti mwayandikira kwambiri

11:48 Clifton: anthu anandiuzanso kuti sindidzakwera ndege

15:06 Scholastica: alamu kapetiyo bwanji osangomuchotsa

15:08 Clifton: kapeti sachoka. anamatidwa ndi guluu, komanso bedi lamukhalira. lija la bokosi lofika pansi, tinalowetsa tisanaike chitseko. lolemera ngati injini ya boti

15:09 Eveles: bedi lisiyeni. lingathyoke

15:09 Clifton: wamva alamu? mkazi wodziwa mtengo wa zinthu

LACHITATU

07:15 Clifton: LATHAWA

07:15 Clifton: fungo lathawa. ndalowa, ndapuma mpaka m'mimba, mukumveka mphepo ya kunyanja basi. alembe m'nyuzipepala

07:16 Clifton: Eve

07:31 Clifton: alamu

08:20 Clifton: anthu inu mwana ali bwino?

09:02 Clifton: [kuyimba kosayankhidwa]

09:40 Scholastica: pepani alamu ali bwino. manja analibe mpata. mwanayu sachoka pa chifuwa, anesi amati kangaru. timamumangirira khungu ndi khungu kuti asazizidwe. Eve akatopa ndimulandira ine, ine ndikatopa Eve. misana yatha

09:41 Clifton: mtima unaima alamu. musamatero

09:44 Scholastica: anesi akuti chifuwa chilichonse chofunda chimagwira ntchito. ngakhale cha bambo. chanu chachikulu chija chikungokhala

09:45 Clifton: ine?? manja onyamula matayala a thiraki awa? ndingamuphwanye. ine ndizimuona ndi maso, kunyamula akadzafika makilo a munthu

09:46 Scholastica: bwana wa ku Dubai akuopa kamwana

09:46 Clifton: si mantha. ndi ulemu

14:12 Clifton: ndachita test. ndatchinga mawindo ndi mabulangete, ndatseka chitseko, ndapita kukadya kwa Omari, ndabwera

14:30 Eveles: ndie?

14:52 Eveles: a Clifton ndie?

15:10 Clifton: lilipo pang'ono. pang'ono kwambiri. ngati mlendo amene wanyamuka koma waiwala chipewa

15:11 Clifton: ndaonjezera makala. mawa alamu adzapeza hotela

LACHINAYI

09:05 Scholastica: Eve ndatsika minibasi, ndakwera kabaza. mwana wayamwa?

09:06 Eveles: wayamwa, wagona. mukanunkhize zoona achemwali, asakunyengerereni ndi soseji

09:24 Scholastica: ndafika. panja ngati msika wa kaunjika. masuti pa mpanda, mataye pa mtengo wa papaya

09:24 Clifton: exhibition

09:31 Scholastica: ndalowa. khoma layera ndithu, agwira ntchito. poimirira mukumveka bho

09:31 Clifton: WAMVA EVE

09:33 Scholastica: ndagwada pafupi ndi bedi

09:33 Scholastica: Eve ayi

09:34 Scholastica: likuchokera pansi. ndipo bondo langa lanyowa. kapeti wanyowa kuzungulira bedi lonse, soda uja wasanduka phala

09:35 Clifton: alamu mphuno zanu zazolowera mankhwala a ku chipatala

09:35 Scholastica: bondo langa lilibe mphuno alamu

09:39 Clifton: chabwino. bedi lituluke. ndikuitana Omari ndi Idi. likakana pakhomo tigumula khomo

09:40 Eveles: bedi lisiyeni

09:40 Eveles: a Clifton

09:41 Eveles: achemwali auzeni adikire kaye ndiwafotokozere

09:43 Eveles: [kuyimba kosayankhidwa]

09:47 Eveles: [kuyimba kosayankhidwa]

10:26 Clifton: [chithunzi]

10:26 Clifton: Eve

10:26 Clifton: Eve m'chipinda mwathu muli munda

10:31 Clifton: [uthenga wa mawu 1:49]
Eve, ndikulankhula pang'onopang'ono, ndakhala pansi. Tachotsa matiresi, tatukula bokosi lija tonse anayi, ine, Omari, Idi ndi alamu. Kunsi kwake kuli matumba awiri. Ndipo matumbawo amera. Mpunga, Eve. Wabowola thumba mbali zonse, woyera ngati thonje, nsonga zachikasu, wothithikana ngati tsitsi. Ndipo wonse waweramira mbali imodzi, kumene thabwa lili ndi kamng'alu kolowera kuwala. Kamng'alu koti ngakhale chikhadabo sichingalowe, koma wonse wakaona, wonse ukupita komweko. Mizu yalowa mu kapeti wanga, yagwira ndithu, ukakoka thumba kapeti akubwera nalo. Mumdima, popanda mvula, popanda woupalira. Omari wagwira pakamwa, akungoti subhanallah, subhanallah. Idi watuluka, akuti akaitane mkazi wake adzaone. Ine ndinaona munda wa maluwa pakati pa chipululu ku Dubai, koma kuja kuli mapaipi ndi mainjiniya. Uwu wadzuka wokha, pansi pa bedi langa, ine ndikuwaza perefyumu pamwamba pake.

10:40 Clifton: Eve waona chithunzi?

10:52 Clifton: ndikuona kuti wawerenga

10:58 Scholastica: Eve matumbawa ndawadziwa. amangidwa ndi nsanza yofiira. ndi kamangidwe ka amayi

11:19 Eveles: ndi mbewu ya amayi. ya mthirira wa chaka chino

11:21 Eveles: kwathu makoswe anavuta atangokolola. inu mumanena tsiku lililonse kuti m'chipinda mwanu ngakhale nyerere siilowa, ndie amayi anati mbewu ikasungidwe kwa akamwini. kma munaletsa za kumunda kulowa m'nyumba. ndinatukula matiresi ndi thabwa, ndinaika m'bokosimo inu muli ku Dar

11:22 Eveles: ndimati ndichotsa musanabwere. kenako mwana anabwera mwadzidzidzi. dzana ndinakumbukira kma ndinkati m'katimo ndi mouma

11:22 Eveles: pepani

11:23 Eveles: amayi alibe mbewu ina

11:27 Clifton: Eve ndifunse kaye

11:27 Clifton: khoswe analowa?

11:28 Eveles: ayi

11:28 Clifton: nyerere?

11:28 Clifton: ndiye ndinanena zoona. apongozi anasankha bwino. mbewu yawo inasangalala mpaka inalephera kudikira

11:29 Scholastica: Eve amuna akowa sakwiya, angogwada pamenepo akuusisita mpungawo ngati mphaka

11:50 Clifton: kapeti ndamudula. ndekha, ndi mpeni wa Idi wotumbulira nsomba. sindinalire, amene akuti ndinalira ndi alamu

11:58 Clifton: [uthenga wa mawu 1:05]
Eve, mpunga ulibe mlandu. Bwera ndi maso a mumtima uone. Kunsi kwa kapeti simenti yang'ambika, kamzere kochokera ku khoma la kunyanja kudzafika pamene panali bedi. Ndapukuta ndi thaulo mpaka pauma. Ndaima. Ndikuyang'ana chonchi, kamzere kaja kakuda, kakunyezimira, madzi akutuluka okha pang'onopang'ono ngati thukuta. Ndapukutanso. Abweranso. Nyanja, Eve. Ine ndimailondera ku mpanda, kuiyang'ana ngati ifika pa geti, iyo inadutsa kale pansi. Ili m'chipinda mwathu. Nyanja yonse ija, ya ku Chipoka, ya ku Nkhotakota, ya ku Mozambique, nsonga yake ili pa chala changa pano.

12:10 Scholastica: ndawaimbira amayi. poyamba anangoti mayo. kenako afunsa kuti wamera motalika bwanji

12:13 Scholastica: akuti wa pamwamba pa thumba ngati uli wouma ndi wabwino. wapakati wongotuluka kamuzu ukafesedwe pa nazale lero lomwe, mawa ufa. wautali woyerawo ndi wowola wapansiwo titaye

12:13 Scholastica: kma nazale sanakonze. ndipo ali okha

12:14 Clifton: pikapu ilipo. Omari ndi Idi akwera. auzeni apongozi akonze makasu

12:15 Eveles: inu mumati munasiyana ndi matope kalekale

12:15 Clifton: mbewuyi yamera m'nyumba mwanga. ndi mlendo wanga, ndimuperekeza mpaka kwawo

12:31 Eveles: ndie za mawa?

12:48 Eveles: achemwali chigamulo chanu mwanena kale. kma ndikufuna ndimve kwa eni nyumba

13:20 Clifton: Eve ndaima pa Salima, tikugula madzi akumwa. ndakhala ndikuganiza msewu wonse

13:24 Clifton: makala, soda, mphepo, dzuwa, zonsezo zimagwira ntchito, ndatsimikiza ndi manja anga. koma zimachotsa fungo pamene madzi asiya kubwera. aja sasiya mpaka nyanja ibwerere yokha, ndipo nyanja sindingaiimbire foni. pafunika kukumba ngalande kuseri, kuswa simenti yonse, kuyala pulasitiki, kuthiranso. si ntchito ya mawa

13:26 Clifton: chipinda chimene chadzutsa mbewu youma m'thumba lomanga chingachite chiyani m'kachifuwa kaja

13:26 Clifton: musabwere naye kwathu

13:27 Clifton: mupite ku Chinguluwe. chitsa chija ndikhalapo

13:35 Eveles: zkm abambo ake a mwana

16:44 Scholastica: [chithunzi]

16:44 Scholastica: Eve taona amuna ako. buluku lapindidwa mpaka m'ntchafu, matope mpaka m'makutu, wotchi ili m'thumba mwanga

16:46 Scholastica: amayi ali tsidya lina la nazale, iwo tsidya lino, ine pakati ngati foni. amayi akuti auzeni akamwini asamaunjike malo amodzi. ine ndikuwauza. iwo akuti auzeni apongozi kuti ku Kyela, kwawo kwa mpunga, amafesa chonchi. amayi akuti auzeni kuti kuno si ku Kyela

16:47 Eveles: kkkkk ndisaseke, mwana adzuka

17:29 Clifton: tamaliza. nazale yonse. alimi a mu sikimu ya mpunga anaima kumaonerera, ena anajambula

17:30 Scholastica: amajambula mmene munagwera m'ngalande

17:32 Clifton: wautali woyera uja sindinataye wonse. ndasiya kadzanja kamodzi m'beseni la matope pa khonde la apongozi. unayesetsa kwambiri kufuna kuwala, uone kaye dzuwa

LACHISANU

08:02 Clifton: ndili pa geti la chipatala. pikapu ndatsuka kawiri, mawindo ake amatseguka

08:15 Scholastica: tikusaina. alamu jekete lanu ndalimva ndili pa khonde. likununkha chipinda chija. livuleni muike kumbuyo

08:15 Clifton: la ku Istanbul limeneli

08:16 Scholastica: kumbuyo

11:37 Clifton: alamu

11:37 Clifton: chitsa chake chilipodi. ndimayesa ndikungolankhula

11:38 Clifton: ndikulemba pa foni chifukwa sindingakuwe pa bwalo la apongozi. ali bwanji m'katimo? wazizidwa pa msewu?

11:45 Scholastica: ali bwino. wayamwa. amayi akumuyang'ana osaphethira

11:46 Clifton: mukasuntha katani pang'ono ndingaone ngakhale chipewa chake

11:52 Clifton: alamu mpunga wa m'beseni uja. nsonga zayamba kubiriwira. dzuwa la m'mawa umodzi basi. anthu inu mukuziona zimenezi?

12:30 Clifton: nkhuku za pano zandizolowera. ina yakwera pa nsapato

13:05 Clifton: sindikudandaula. ndikungodziwitsa

13:48 Scholastica: alamu tamverani

13:49 Scholastica: Eve msana wakana, akulira ndi ululu, akufunika agone chagada. ine mabampu a msewu uja andimaliza. amayi akutsokomola, akuopa kumuyandikira kwambiri. mwana sangakhale pa mphasa, azizidwa

13:49 Clifton: ndithamangire ku Salima? nditenge nesi? nditenge awiri?

13:51 Scholastica: amayi akuti kuseri kuli madzi ofunda ndi sopo. musambe bwinobwino, tsitsi lomwe. zovala zanu zonse pa chingwe, zili ndi fungo la kwanu. ndakuikirani chitenje choyera ndi buluku limene achimwene athu anasiya

13:51 Clifton: chitenje cha chiyani

13:52 Scholastica: chomumangira pa chifuwa panu

13:52 Clifton: alamu ayi

13:52 Clifton: alamu manja anga

13:53 Clifton: komanso ndilowa bwanji, apongozi ali m'nyumba

13:56 Scholastica: akutuluka. akuti akaone nazale ngati mbalame sizikudya mbewu. akuti ine ndikamaliza kukumangirani ndiwatsatire. chitseko asiya chotsegula

13:57 Scholastica: yang'anani kumbali, akudutsa

14:01 Clifton: adutsa

14:01 Clifton: sanandiyang'ane. angonena kwa nkhuku kuti madzi akuzizira

14:02 Scholastica: ndie mukudikira chani

14:55 Scholastica: tafika ku nazale. mbalame kulibe, amayi amadziwa. zikuyenda?

15:09 Clifton: [uthenga wa mawu 0:14]
Alamu. Ndikunong'ona. Eve wagona. Ali pano. Akupuma, ndikumumva m'nthiti zanga. Mutu wake uli kunsi kwa mphuno yanga. Fungo ili, alamu. Ndayenda mayiko. Kulibe lina ngati ili.

15:11 Scholastica: voice yaifupi chonchi? kuchokera kwa inu? mukudwala alamu?

15:40 Scholastica: amayi akufunsa ngati angabwerere

15:58 Scholastica: alamu

16:12 Scholastica: Eve?

16:20 Scholastica: chabwino. akuti musafulumire. akhala pansi m'mbali mwa ngalande, akuyang'ana mbewu yawo